Bambo Wofedwa wa pa Foni

4 Malichi

Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi onse kunyumbako. Ine kuno ndili bwino, kungoti kuzizira kwa m'firiji momwe timalongedza zipatso kwandilowa m'mafupa, moti ndikaweruka zala zimakana kugwira cholembera. M'katoni yomwe ndapatsira adalaivala a basi muli lamba wa makina anu osokera, masingano, nsapato za mwana ndi mafuta odzola a mlamu wanu. Mundiuze ngati lambayo wakwana.

Musadabwe kuti ndalemba papepala. Foni yanu ya mabatani ija siimba kunja kuno, ndipo tikamalankhulana timadalira ya mlamu wanu, mwini wake ali chiimire pambali panu. Nkhani iyi si yoti aimve. Mukawerenga mung'ambe.

Mtima wanga suli m'malo, achemwali. Chichokereni ine chaka chatha, mkazi wanga wasintha. Ndikamuimbira amangoti inde, ayi, mwana ali bwino, katundu wafika. Koma ndikayang'ana pa foni ndimaona kuti ali pa intaneti. Ngati ine alibe nane mawu, akulankhula ndi ndani? Mnzanga amene ndimagona naye chipinda chimodzi anamangira mkazi wake nyumba ya malata, koma atapita kutchuthi anapeza nsapato za mwamuna wina kuseri kwa chitseko. Munthuyo pano sadya bwino. Ine sindikufuna kudzafika pamenepo.

Iyeyo ndi amene wandionetsa pulogalamu ina ya pa intaneti. Imaikidwa mu foni ya munthu mwini wake osadziwa, ndiye mameseji ake onse, ndi kulikonse komwe wapita, zimaoneka pa foni yanga kuno. Chongofunika ndi munthu woti aigwire foniyo kwa kanthawi. Inu mumakhala naye nyumba imodzi, mumagwira naye ntchito shopu imodzi. Akapita kosamba amaisiya pa tebulo. Zoti mudine ndazilemba kuseri kwa pepalali, si zovuta.

Sindikunena kuti walakwa. Ndikungofuna ndidziwe, kuti ndizigona tulo. Inu ndi magazi anga, ndilibe wina woti ndimutume.

Ndine mchimwene wanu.

19 Malichi

Mchimwene,

Tili bwino, kaya iwe ndi firiji yakoyo. Lamba wakwana, makina akuyenda ngati atsopano. Nsapato za mwana zachepa. Mwana amakula, sakhala mmene unamusiyira, ndiye utumize zina zokulirapo. Ukapeza mazipi aatali uikemonso, a kuno akungothyoka mano.

Pepala lako ndang'amba, osati chifukwa unandiuza koma chifukwa linandinyansa. Ine ndine telala, ndimayeza ziuno za anthu, mitima yawo sindiyeza. Ndinakubereka kumsana ine, ndinakupukuta mamina, lero ukufuna ndizikhala tcheru pakhomo la bafa kudikira kuti mlamu wanga atsegule madzi? Manyazi ulibe.

Popeza ukufuna lipoti, nali, laulere. Mkazi wako akadzuka amaperekeza mwana kusukulu, kenako amabwera kushopu. Amakhala pafupi ndi khomo pomwe pali tebulo lositira, kusoka mabatani a yunifomu, kupinda masiketi ndi kusita zomwe ndamaliza. Tikatseka timabwerera limodzi. Mwamuna yekhayo amene amacheza naye ndi agogo ogulitsa ulusi aja, omwe mano anawathera iwe usanachoke. Ngati ukuwachitira nsanje agogowo, undiuze ndikawachenjeze.

Ukufunsa chifukwa chake wakhala chete. Waiwala kapena ukungodziiwalitsa? Unamusiya ali ndi pakati. Mwana anabadwa atamwalira kale, iwe uli komweko. Unalira pa foni tsiku limodzi, unatumiza foni yatsopano yoti imupepese, ndipo chiyambire nkhaniyo sunaitchulenso. Iwe unaona ngati yatha.

Ndikuuza chinthu chomwe anandipempha kuti ndisauze munthu, ndipo ndikukuuza chifukwa ndiwe mwamuna wake komanso kuti mutu wakowo uwongoke. Pansi pa tebulo lodulira nsalu pali katoni ya ulusi. Mulibe ulusi. Muli tizovala tomwe anasokera mwanayo: timalaya, tizipewa ndi kabulangete kachikasu. Loweruka tikatseka amapeza chifukwa chotsalira. Tsiku lina ndinabwerera kukatenga ambulera, ndinamupeza wayatsa simbi, akutisita kamodzikamodzi ngati mawa pali woti avale. Atandiona sanalire, anangondigwira dzanja n'kunena kuti zithere pomwepo.

Za pa intaneti zomwe zikukusowetsa tulozo, ali m'gulu la makolo omwe anataya makanda. Amangowerenga za anzake, iye salembamo kanthu. Ndiye mdani wako ndi ameneyo, mchimwene, katoni ya pansi pa tebulo.

Ukamuimbira usayambe ndi kufunsa ngati katundu wafika. Umufunse za khanda lija. Akakhala chete iwenso ukhale chete, usadule foni. Si ntchito yolemera kuposa makatoni ako a zipatso.

Ndine mchemwali wako.

3 Epulo

Achemwali,

Moni nonse. Nsapato zina ndi mazipi zili m'katonimu. Mundiuze mmene mwana akuchitira kusukulu, ndipo ngati denga la kukhitchini layambanso kudontha muitane mmisiri mvula isanaononge zambiri.

Kalata yanu ndaiwerenga kawiri. Mwandikalipira, koma ndamva. Za pulogalamu ija zisiyeni, ndinalakwa kukusenzetsani katundu woti si wanu. Za katoni ija sindinkadziwa, ndipo zandikhudza. Ndinayesa kuiyamba nkhaniyo pa foni Lamlungu, koma ndinangopezeka ndikufunsa za denga. Inu mukundidziwa, zolankhulalankhula si mbali yanga.

Komabe, achemwali, munthu wachisoni ndi amene savuta kumunyenga. Inu mumamuona masana, za mu foni simuziona. Mnzanga uja akuti mkazi wake nayenso ankaoneka ngati mngelo pamaso pa abale. Sindikutsutsana nanu, ndikungonena kuti kumva kwa wina ndi kudzionera wekha n'zosiyana. Pali njira ina yomwe sifuna kuti wina agwire foni ya mnzake, ndipo inu sikukhudzani. Ikatha imeneyo sindidzakuvutitsaninso.

Mwandithandiza kwambiri ndi zomwe munalemba zija. Gulu la makolo lija dzina lake ndalipeza.

Ndine mchimwene wanu.

29 Epulo

Mchimwene,

Tili bwino. Mwana akuwerenga tsopano, moti zikwangwani zonse za mumsewu wathu sizikupuma. Denga lakonzedwa. Utumize mafuta a makina, a kuno akununkha ngati a galimoto ndipo akudetsa nsalu.

Njira yako inayo sindinaimvetse ndipo sindikufuna kuimvetsa. Ndili ndi nkhani yabwino, ngakhale kuti iwe ikuwawa. Mlamu wadzuka. Sabata yatha ndinamumva akuimba uku akusita, ine mpaka kuimitsa makina kuti ndimve bwino. Dzana anaseka nthabwala ya agogo a ulusi mpaka kupsereza kolala ya malaya a mphunzitsi wina. Malayawo ndasoka ena, ndipo sindinadandaule ngakhale pang'ono.

Ndinkaganiza kuti ndiwe, kuti mwina mawu anga analowa. Nditamufunsa anandiuza mosabisa kuti ayi. M'gulu lija mwalowa bambo wina, kalipentala, amene nayenso mwana wake anabadwa atamwalira, mkazi n'kumuthawa pambuyo pake. Bamboyo anamulembera payekha kumufunsa mmene amapiririra. Mlamu akuti anakhala masiku osayankha, kenako anayankha mzere umodzi, ndiye pano amalemberana. Ndikukuuza ndekha kuti usadzamvere kwa mnzako wa nsapato uja.

Usayambe kutupa. Ndinamufunsa mwachindunji ngati pali zina, iye anandipatsa foni kuti ndidzionere. Maso anga ndi timalemba ta pa foni sizigwirizana, koma zomwe ndinaona ndi za maliro zokhazokha. Bamboyo amafunsa, mlamu amayankha. Amamufunsa ngati anamuona mwanayo nkhope, ngati anamunyamula, ngati anthu anamuuza kuti asalire chifukwa adzabereka wina. Ine ndakhala naye nthawi yonseyi koma mafunso amenewo sindinamufunsepo, ndinkaopa kumupweteka. Nditawerenga ndinachita manyazi.

Iweyo ndiye uchite manyazi kuposa ine. Mlendo wosamudziwa n'komwe akugwira ntchito yako, ndipo akuigwira bwino. Ngati zikukupweteka, mankhwala ake ndi osavuta: tenga foni, funsa mkazi wako zomwe kalipentala akumufunsa. Iye angakonde kuyankha iwe, zimenezo ndikuzidziwa.

Ndine mchemwali wako.

13 Meyi

Bambo a mwana,

Ndikhulupirira muli bwino ndipo chifuwa munkanena chija chatha. Ife tili bwino. Mwana akufunsa ngati mudzabwere asanatsekere sukulu. Mundiuze zoti ndimuyankhe.

Ndalemba kalata chifukwa pa foni timangokamba za katundu, ndipo izi ndikaziyamba pakamwa sindingazimalize. Pali bambo wina amene ndakhala ndikulemberana naye. Ndi wa m'gulu la makolo ofedwa, nayenso anataya khanda. Sindinakumane naye, ngakhale mawu ake sindinawamve. Tinkakamba za ana athu basi. Sindikubisirani, zinkandithandiza. Ndinkadzuka m'mawa ndili ndi chidwi choona ngati walemba.

Sabata ino wasintha. Anayamba kunena kuti ndine wokongola, kuti mwamuna wosiya mkazi pa nthawi ngati imeneyo si mwamuna. Dzulo analemba kuti wapeza chipinda kumalo ogona alendo, ndipite tikalire limodzi. Ndinamuyankha kuti ndili pabanja, ndipo amuna anga asawatchulenso. Kenako ndinamutsekera kuti asandipezenso.

Ndinalira, ndipo sindikufuna kukunamizani kuti ndinalira chifukwa cha mkwiyo wokha. Ndinalira chifukwa ndataya munthu amene ankandimvetsera. Mwina nayenso chisoni ndi chomwe chamusokoneza mutu, sindikumuweruza. Koma ndinaona kuti mtima wanga unayamba kuyembekezera munthu amene si inu, ndipo zimenezo zandiopsa. N'chifukwa chake ndakuuzani.

Ndikukupemphani chinthu chimodzi. Mukaimba Lamlungu, tikambeko za mwana wathu uja. Ngakhale pang'ono. Ndimafuna ndizikamba ndi bambo ake.

Ndine mkazi wanu.

14 Meyi

Iwe,

Moni ndilibe lero. Kalata iyi ikubwera limodzi ndi ya mlamu, ndipo ndikupemphera kuti uyambe kuwerenga yangayi.

Dzulo mlamu anafika kushopu maso ali otupa. Anandiuza zonse za kalipentala, kuti wamutsekera, ndipo anandiwerengera mameseji kuyambira oyambirira kuti ndione ngati iye analakwitsa penapake. Ndinkadula nsalu uku ndikumvetsera. Kenako anafika pomwe bamboyo analemba kuti ali ndi katoni pansi pa tebulo lake la ntchito, momwe amasunga tizovala ta mwana wake, ndipo Loweruka akatseka amatisita kamodzikamodzi ngati mawa pali woti avale.

Sizasi inandigwa m'manja. Mawu amenewo ndi anga. Ndinawalemba ine ndi dzanja langali, kulembera munthu mmodzi yekha padziko lapansi. Mlamu anati meseji imeneyo ndi yomwe inamuchititsa kuyankha koyamba, chifukwa anaona kuti si iye yekha wopenga. Ine ndinanama kuti mutu ukundipweteka, ndinatuluka kukaima kuseri kwa shopu.

Ndiye njira yako ina ija ndi imeneyi. Ndafunsa mayi wokonza mafoni wa pafupi nafe, osatchula za m'nyumba mwathu, ndipo wandiuza kuti zilipo: umalipira pa intaneti, iwo amatuma munthu woti akamunyengerere mkazi wako, n'kukuuza ngati wagwa. Iwe unatenga mwana wako womwalira n'kumuika pa mbedza. Ndipo unamutenga m'manja mwanga. Ndinakupatsa chinsinsi chija kuti umumvere chisoni, iwe unakachipereka kwa anthu a ganyu. Ndakwiya moti sindikudziwa ngati ndidzakuyang'anenso kumaso.

Ndikanakuimbira pompano, koma foni yoimbira kumeneko ndi yake, ndipo sindingaibwereke kuti ndikutukwanire nkhani imeneyi iye ali pomwepo.

Tsono mvetsera. Zachitika, sitingazibweze. Mkazi wako wakana, wakulembera yekha zonse, zomwe akazi ambiri sangachite. Iye akudziwa kuti anakumana ndi munthu wofedwa amene anadzasokonekera pamapeto. Zimenezo angathe kukhala nazo. Zoona zake sangathe. Usamuuze, lero kapena uli nkhalamba. Usamuyamikire, usanene mawu oonetsa kuti unkadziwa. Uyankhe kalata yake ngati mwamuna amene wamva koyamba, ndipo Lamlungu uchite zomwe wakupempha. Ine bodzali ndilisenza, ngakhale likundilemera, chifukwa cha iye ndi mwana, osati chifukwa cha iwe.

Adalaivala akuti basi ili kugalaja, mwina anyamuka mochedwa. Ndawapempha kuti akangofika akupatse m'manja.

Mchemwali wako.

15 Meyi

Mkazi wanga wokondedwa,

Moni wa chimwemwe. Ndikhulupirira iwe ndi mwana muli bwino. Basi yathu ija akuti yaonongeka kumeneko, ndiye ndapatsira mnzathu wina amene akubwera pa galimoto yake, sindikanatha kudikira. M'kaphukusimu muli wotchi yapamkono ndi nsalu ya diresi. Achemwali akusokere, udzavale pobwera kudzandichingamira.

Ndili ndi nkhani yoti ndikuuze, ndipo ndikudziwa kuti poyamba udabwa, koma ukaganiza bwino usangalala. Kwa nthawi yaitali ndinkavutika ndi maganizo. Kuno timamva zambiri za akazi otsala kumudzi, ndipo iwe unali utasiya kulankhula nane. Ndiye ndinapeza kampani ina pa intaneti yomwe imayesa kukhulupirika kwa anthu apabanja. Umawapatsa nambala, chithunzi ndi zomwe munthuyo zimamukhudza mtima, iwo amatuma wina kuti apalane naye ubwenzi kenako amuyese. Kalipentala uja anali wa kumeneko. Kulibe munthu wotero, usamuopenso.

Dzulo anditumizira zotsatira. Ndasindikiza pepalalo kuti ulione wekha, lili m'katimu. Pamwamba pali chizindikiro chobiriwira ndi mawu oti wokhulupirika. Anditumiziranso chithunzi cha yankho lako lomaliza, pomwe unati uli pabanja ndipo amuna ako asawatchulenso. Ndinaliwerenga ndili m'chipinda chosinthira zovala, misozi inatsika pamaso pa anzanga. Ndinawaonetsa onse. Mnzanga uja anati mwa akazi omwe iye akuwadziwa kuti anayesedwa, wapambana ndiwe wekha.

Akuti ambiri sayankha n'komwe mlendo, ndiye mayeso sakhala enieni. Ako anali enieni, chifukwa ndinawapatsa zoti sungazinyalanyaze. Pamenepo anandithandiza ndi achemwali, ngakhale iwo sankadziwa, pomwe anandilembera za katoni ija. Usawakwiyire, zatithandiza tonse.

Tsopano mtima wanga wakhala pansi. Sindidzakukayikiranso mpaka imfa. Tiyambe moyo watsopano, zakale zipite.

Ndine mwamuna wako wonyadira.

24 Meyi

Bambo a mwana,

Phukusi lanu lafika. Mnzanuyo anandipeza ndekha kushopu, alamu atapita kogula nsalu. Ndikhulupirira pofika pano kalata yanga ija yakupezani. Ndikanadziwa sindikanataya nthawi kukuuzani zomwe munali mutagula kale.

Pepala lobiriwira ndaliona. Ndasangalala kuti mukugona tulo.

Ine ndinkamupempherera mwana wa kalipentala. Tsiku lililonse ndikamapempherera wathu ndinkatchulanso wake. Tsiku lina ndili pa mzere wogula buledi ndinakumbukira zoti bamboyo anakhoma yekha kabokosi ka mwana wake, ndinalira anthu akundiyang'ana. Ndinkalirira mwana woti sanakhaleko, wopekedwa ndi munthu amene anali pa ntchito. Mwina ankalemba uku akudya.

Mukanandikayikira n'kundifunsa, ndikanakwiya kenako n'kuiwala. Mukanatuma mwamuna wa galimoto ndi ndalama, ndikanaseka. Koma munafufuza pomwe pali bala, n'kuwalozera kuti agwire pamenepo. Kuti mudziwe ngati ndingagone ndi mwamuna wina, munagwiritsa ntchito mwana wanu.

Pali chomwe simukudziwa, ndipo alamu sakudziwanso. Mwana uja ndinamupatsa dzina. Anamwino atandipatsa kuti ndimunyamule, ndinamuitana nalo kamodzi asanamutenge. Ndinalisunga kuti ndidzakuuzeni inu poyamba, tsiku lomwe mudzafunse. Ndinadikira chaka chathunthu. Amene anafunsa ndi kalipentala, ndipo ndinamuuza. Chinali chinthu chokhacho cha mwanayo chomwe ndinali nacho ndekha, ndipo ndinachipereka kwa anthu omwe inu munawalipira. Chiwerengereni kalata yanu, ndikafuna kulitchula pakamwa pamakana.

Alamu ndawafunsa, sanakane. Anagwada pansi m'shopu, mayi wamkulu ngati uja. Ndikudziwa kuti ankandifunira zabwino. Koma tsiku lija ndinawagwira dzanja ndi kuwapempha kuti asauze munthu, ndipo sindingathenso kukhala m'chipinda chimodzi ndi munthu uku ndikusankha mawu oti ndinene.

Ndapita kwa amayi anga ndi mwana. Sukulu ndamupezera komweko. Mukafuna kulankhula naye muziimba Lamlungu masana, ndizimupatsa foni. Wotchi ndi nsalu ndasiya pa tebulo lositira. Simunandipeze ndi mlandu, ndipo inenso sindikupita kwa mwamuna wina. Ndangotopa.

Mayi a mwana.

6 Juni

Achemwali,

Makalata onse atatu afika tsiku limodzi, yanu, yake yoyamba ndi yake yomaliza. Ndinayamba ndi yanu monga munafunira, koma zinali zitachedwa kale.

Sindikudya. Kuntchito andichenjeza chifukwa ndinagwetsa makatoni. Lamlungu ndinaimba, anangopatsira mwana foni osanena ngakhale moni. Ndapempha tchuthi koma akuti mpaka nyengo ya zipatso ithe, ndipo ndikachoka ndekha ntchito yatha.

Ndinalembera a kampani aja kuti anditumizire zonse zomwe mkazi wanga analemba, chifukwa ine anangondipatsa yankho lomaliza lija. Ayankha kuti ntchito ikatsekedwa amafufuta zonse pofuna kuteteza makasitomala. Ndinawapempha kuti andilumikize ndi munthu amene ankalemba ngati kalipentala, mwina akukumbukira. Akuti sanali mmodzi, amasinthana malinga ndi amene ali pa ntchito tsiku limenelo. Pamapeto anandifunsa ngati ndakhutira ndi thandizo lawo.

Achemwali, ndikudziwa kuti simukufuna kumva za ine. Koma pitani kwa apongozi, mukandipepesere. Mukamuuze mkazi wanga kuti ndine chitsiru, ndavomera. Ndipo ngati angalole, akuuzeni dzina la mwana wanga. Sindikupempha kuti abwerere lero. Ndikungofuna ndidziwe kuti mwana wanga anali ndani.

Ndine mchimwene wanu.

21 Juni

Mchimwene,

Ndili moyo. Usatumize kanthu mwezi uno, palibe chomwe ndikusowa choti chingakwane m'katoni. Kushopu ndalemba mayi wina wositira. Ntchito amaitha, koma ndimapezeka ndayamba kumuuza nkhani ngati ndi mlamu, n'kusiyira pakati. Agogo a ulusi amafunsa tsiku lililonse kuti mlamu wapita kuti.

Kwa apongozi ako ndinapita Lachitatu. Sindinapitire iwe, ndinapitira ine ndemwe, chifukwa mlamu ndamusowa. Amayi ake anandilandira bwino, sakudziwa zambiri, akungoti ana akangana. Mwana ananditengera chikwama, anandiwerengera zolembedwa pa kalendala. Ali bwino, wanenepa.

Mlamu wayamba kusita zovala za anthu pakhonde la amayi ake. Anandipatsa mpando, anandipangira tiyi, anafunsa za makina ndi za miyendo yanga. Ulemu wonse unalipo, wonga wopatsa kasitomala. Kale tinkakhala tsiku lonse pakamwa osapuma, koma Lachitatu ndinkamva supuni ikugunda kapu. Katoni ija sindinaione ndipo sindinafunse.

Uthenga wako ndinapereka. Ndinati wavomera kuti ndiwe chitsiru. Anati wamva. Ndinafunsa ngati pali chiyembekezo, anati sakudziwa, ndipo asakakamizidwe. Sanakunyoze ngakhale liwu limodzi, ine ndikanakonda akanakunyoza. Ukabwera udzapite wekha, usadzatume munthu, usadzanyamule mphatso. Sindikukulonjeza kanthu.

Za dzina, ndinalimba mtima pomwe ankandiperekeza kokwerera basi. Ndinati, mlamu, mwana uja anali wathu tonse, ine ndine azakhali ake, ndiuzeko dzina lake. Anaima, anandiyang'ana, osati mokwiya. Kenako anafunsa motsitsa mawu kuti, "Mukufuna mukalembere ndani, alamu?"

Pepala ili ndi envulopu yake zinali kale m'chikwama mwanga.

Mchemwali wako.